Mtundu Wowala M'nyumba Uli Ngati Tsabola pa Chakudya

Fodya akagulidwa, chimanga n'kulowa m'nkhokwe, mabanja ambiri m'boma la Chifunde amatembenukira ku nyumba zawo. Uyu akhoma malata, uyo apaka pulasitala, wina akwera galimoto pa msewu wa N9 kupita ku Tete, kapena kuwolokera ku Zambia kudzera pa Cassacatiza, n'kubwerako ndi chitini cha penti ndi zitenje zingapo. Ndalama imeneyi ndi thukuta la chaka chonse, choncho kusankha mtundu wa penti si nkhani yachibwana. Vuto limene limaoneka kawirikawiri ndi lakuti mtundu umene wamudolola munthu m'sitolo amafuna kuupaka ponseponse: khoma, chitseko, mawindo, ngakhale mizati ya pakhonde. Patatha mwezi, mwini wake yemwe amayamba kukonda kukhala pansi pa mtengo wa mango, osadziwa kuti chikumuthamangitsa m'nyumba n'chiyani.

Mayi aliyense wa ku Mualadzi kapena ku Nsadzo yankho amalidziwa kale, kungoti amalidziwira kukhitchini. Chakudya chikafika pa mphasa, chochuluka ndi nsima, yoyera, yosakometsera. Ndiwo zimakhala zocheperapo, kaya ndi nyemba, nkhwani wotendera kapena nkhuku ya alendo. Ndiye pali tsabola. Kambewu kamodzi ka piripiri kamadzutsa mbale yonse, koma palibe amene amadzaza mbale ndi tsabola n'kuitana anthu kuti asambe m'manja. Mitundu ya m'nyumba imayenda chimodzimodzi. Akatswiri okongoletsa nyumba ali ndi kagawidwe kamene amakonda kuphunzitsa, kakuti 60, 30, 10: pa magawo 100 a zimene diso likuona m'chipinda, 60 akhale a mtundu wofatsa, 30 a mtundu wachiwiri wogwirizana nawo, ndipo 10 okha akhale a mtundu wowala kwambiri. Simuyenera kutenga tepi n'kumayeza. Wophika sayeza tsabola pa sikelo, koma amadziwa kuti sangalingane ndi ndiwo.

Nsima ya nyumba za kuno ilipo kale, ndipo nthawi zambiri siifuna ndalama. Ndi khoma lopaka laimu, khoma la njerwa zootcha, kapena khoma lozira ndi dothi lakatondo. Ndiwo ndi mipando ya matabwa, mphasa, mikeka, malichero opachika pakhoma, mtsuko wa madzi pangodya ndi pansi pozira bwino. Zonsezi ndi za mitundu ya dothi ndi udzu, ndipo siziyambana. Chotsala ndi tsabola: chitseko, mafelemu a mawindo, chitenje chotchinga pakhomo la kuchipinda, makushoni awiri, nsalu ya patebulo, mbale za pa kabati. Apa ndiye pamene chofiira, chachikasu kapena chabuluu chiyenera kutera.

Chifukwa chake chili m'maso mwathu momwemu. Diso silimaona mtundu paokha, limauyerekeza ndi umene wayandikana nawo. Amene anafotokoza bwino zimenezi ndi Michel Eugène Chevreul, katswiri wa ku France amene mu 1824 anapatsidwa udindo woyang'anira zonyika ulusi pa fakitale yoluka nsalu ya Gobelins ku Paris. Panali madandaulo akuti ulusi wakuda umene ankanyika unkaoneka wotuwa pa nsalu. Ataufufuza anapeza kuti utoto unalibe vuto. Ulusiwo unkasintha maonekedwe malinga ndi mitundu imene waikidwa pafupi nayo. Zimene anapezazi anazilemba m'buku limene linatuluka mu 1839, ndipo ojambula zithunzi akuzigwiritsabe ntchito. Phunziro lake kwa ife ndi losavuta. Chitenje chofiira pa khoma loyera chimawala chifukwa khomalo lachipatsa mpata. Chitenje chomwecho pa khoma lofiira chimasowa, ndipo mukawonjezera makatani achikasu ndi sofa yobiriwira, diso limasowa popumira.

Palinso mitundu imene imakwezana ikakhala pamodzi: chofiira ndi chobiriwira, chabuluu ndi cha olenji, chachikasu ndi cha pepo. N'chifukwa chake chitseko chabuluu pa nyumba ya njerwa zootcha kapena ya katondo chimaonekera kutali, pomwe chitseko chofiira pa nyumba yomweyo chimangomira m'khoma. Mwini nyumba ya njerwa amene ali ndi ndalama ya lita imodzi yokha, ine ndingamulangize buluu kapena chobiriwira chakuda pang'ono. Wa khoma la laimu ali ndi mwayi, chifukwa choyera chimalandira mtundu uliwonse. Asankhe umodzi, aubwereze kawiri kapena katatu m'chipindamo, pa kushoni, pa nsalu ya patebulo ndi pa felemu ya chithunzi, kuti zioneke kuti anachita dala.

Mwina wina anganene kuti timagolosale ta m'mbali mwa msewu tapakidwa chofiira cha Vodacom kapena cha olenji cha Movitel kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo timaoneka bwino. N'zoona, koma ntchito ya khoma limenelo ndi kukuwira munthu amene ali pa njinga yamoto kuti aime. Inu simugona mu golosale.

Mabanja ambiri tsabola amaika pambali, m'kambale kake, kuti wofuna atapeko, wosafuna asiye. Nzeru imeneyi ndi yothandiza kwambiri pa nkhani yathuyi. Mtundu wowala uikeni pa zinthu zochotseka. Chitenje, chimene m'masitolo a ku Tete mudzachipeza pa dzina la capulana, chimakwana katani wa pakhomo, kapena zovundikira makushoni zingapo telala akachidula. Mukatopa nacho mumachotsa, chimakagwira ntchito yoberekera mwana, ndipo mumapachika china pa Khirisimasi. Khoma lopaka penti wa mafuta wofiira silichoka motero. Kuti mulibwezere ku choyera mudzapaka kawiri kapena katatu, chofiiracho chikusuzumirabe pansi. Posankha chitenje, yang'anani mtundu umene wachuluka pa icho ndipo zina zonse zitsatire umenewo. Zitenje zitatu za maluwa osiyana m'chipinda chimodzi ndi tsabola wa mitundu itatu m'mbale imodzi.

Dzuwa la kuno nalo lili ndi mawu ake. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa mu Novembala, kuwala kwake kumadya utoto, ndipo wofiira wa pa nsalu ndi pa pulasitiki ndi umene umafulumira kutuwa. Katani wa pawindo loyang'ana kumadzulo amasuluka msanga kuposa wa kuchipinda. Mumuikire nsalu yoyera kumbuyo kwake kuti ndiyo izipsa ndi dzuwa. Mitundu yochokera m'dothi siitero. Chofiira cha katondo chimachokera ku chitsulo chimene chili m'dothimo, ndipo dzuwa silichigonjetsa. Umboni uli pa miyala ya ku Chongoni m'boma la Dedza ku Malawi, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zithunzi zofiira za Akafula zakhala pamenepo zaka mazanamazana, pamodzi ndi zoyera zimene Achewa anajambula ndi dothi loyera pa miyambo ya chinamwali ndi ya nyau. Mayi amene amazira khonde lake ndi dothi lakuda, n'kulemba mzere wa katondo m'munsi mwa khoma ndi timizere toyera kuzungulira chitseko, akugwiritsa ntchito utoto wolimba kuposa wambiri wa m'zitini, ndipo mlingo wake amautha: mzere umodzi, khoma lonse n'kulisiya lipume.

Tsabola sakonza nsima yosapsa. Khoma long'aluka, la mwaye kapena lonyowa m'munsi liyambe lakonzedwa. Penti wa mafuta pa khoma la dothi amatsekera chinyezi m'kati, ndipo mvula ikangoyamba amatukusira n'kumasupuka. Pa khoma lotero laimu ndiye woyenera chifukwa amalola khoma kuuma. Komanso laimu ndi waukali, amawononga utoto wina ukasakanizidwa naye. Umene umapirira ndi wa ufa wochokera ku dothi, monga wofiira uja amathira mu simenti ya pansi. Penti wa mafuta musungireni matabwa ndi zitsulo.

Chenjezo lina ndi la ana. Penti wina wa mafuta, makamaka wachikasu, wa olenji ndi wofiira, amapangidwa ndi mtovu. Bungwe la World Health Organization limachenjeza kuti mtovu umawononga ubongo wa mwana, ndipo palibe mlingo umene tinganene kuti ndi wosavulaza. Mwana wokwawa amatola tizidutswa ta penti wosupuka n'kuika m'kamwa. Werengani pa chitini kapena funsani wogulitsa, ndipo penti wopanda chizindikiro chilichonse, wopungulira m'botolo pa msika, musapake pa bedi la mwana, pa mpando kapena pa chitseko chimene amagwiragwira.

Nyumba zambiri za m'midzi zili ndi mawindo aang'ono, ndipo usiku zimadalira kababu ka sola. M'chipinda chotere khoma loyera limabweza kuwala, pomwe lamtundu wakuda limakumeza. Buluu amene anaoneka wokongola pabwalo la sitolo masana akhoza kuoneka wakuda bii madzulo. Chachikasu ndi cha olenji zimapirira mdima, n'chifukwa chake zimakhala bwino m'chipinda chamkati.

Choncho ndalama ya fodya ikafika chaka chino, musayambe ndi ndowa ya malita 20. Gulani laimu wa khoma, lita imodzi ya mtundu umene mtima wanu wakonda, ndi chitenje chimodzi chogwirizana nawo. Pakani chitseko chokha, pachikani chitenjecho, ndipo mukhale nazo sabata yathunthu mukuziona m'mawa, masana ndi usiku. Mukaona kuti zachepa mudzawonjezera pa mawindo. Mayi a kunyumba afunsidwe musanatsegule chitini, chifukwa ndiwo amene amatandala m'nyumbamo.