Vitamini D ndi Matumbo Athu

Thupi limapanga vitamini D khungu likawombedwa ndi dzuwa. Wina timamupeza mu nsomba zamafuta, mazira ndi chiwindi. Ntchito yake yaikulu ili m'matumbo: amathandiza kuti kashiamu wa m'chakudya alowe m'magazi n'kukalimbitsa mafupa. Mwana akasowa vitaminiyu amatha kukhala ndi matewe. Vitaminiyu amathandizanso chitetezo cha m'matumbo polimbana ndi tizilombo.

Vitamini D wa m'chakudya amalowa m'thupi limodzi ndi mafuta. N'chifukwa chake odwala matenda okhalitsa a m'matumbo, monga a Crohn, kawirikawiri amakhala naye wochepa.

Komabe si mankhwala oletsa kutsekula m'mimba. Kafukufuku wa ku Kabul, wofalitsidwa mu 2013, anapeza kuti kumwetsa makanda vitaminiyu sikunachepetse matendawa. Mwana akatsekula m'mimba, mumwetseni Thanzi ORS ndipo thamangirani naye kuchipatala, kumene amaperekanso zinki.

Kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, mu Juni ndi Julayi timadzifunditsa chifukwa cha chisanu. Dzuwa likatuluka tiziwothera pang'ono. Amayi ndi atsikana ovala zofunda thupi lonse angawothere m'kati mwa mpanda, mikono ndi miyendo zili padzuwa.