Makala, Choko ndi Pensulo: Poyambira Luso la Zojambula

Anzathu ambiri okonda kujambula amagwa mphwayi poganiza kuti popanda utoto ndi mapepala okwera mtengo palibe chimene angachite. Maganizo amenewa aphetsa luso la anyamata ambiri.

Taganizani za ku Mua. Kumeneko Bambo Claude Boucher, wansembe wa chipani cha White Fathers wochokera ku Canada, anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni m'chaka cha 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare mumasungidwa zigoba zambirimbiri za Gule Wamkulu. Chigoba chilichonse chili ndi chizindikiro chake. Chadzunda amadziwika ndi nkhope yakuda ya makwinya, pamene Simoni ndi wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Wofuna kupanga nkhope yotere ayenera kupeza kaye chizindikiro chimenecho, ndipo amachipeza pojambula, kufufuta ndi kujambulanso. Tsono chipangizo choyambira chiyenera kukhala chotsika mtengo ndi chofufutika.

Makala ndiwo oyamba. Amapezeka pa mafuwa aliwonse, amadetsa malo aakulu msanga, ndipo ukapaka ndi chala amapereka mthunzi. Ndi abwino pofuna kuona thupi lonse: kodi munthuyu ndi wowerama, wamimba kapena wamtali? Vuto lake ndi lakuti amayoyoka, choncho sasungika.

Pensulo imabwera pambuyo, pokonza maso, mphuno ndi mano. Yolembedwa H ndi yolimba ndipo mzere wake ndi wotuwa; ya B ndi yofewa ndi yakuda. HB ya m'kalasi ija ikwanira, koma osaikanikiza, chifukwa mzere wozama umatsalabe ngakhale ufufute.

Choko chimathandiza pa sileti, pa bolodi, ndiponso pa mtengo wakuda ngati phingo, pamene makala saoneka. Apa mpofunika kusamala: mzere wa choko umafufutika, koma pamene sompho yadya sipabwereranso, ndipo mitengo yosema ikusowa.

Bolopeni ndi utoto zidikire mpaka nkhope itakhazikika. Za mapepala musavutike. Kuseri kwa kalendala yakale ndi makatoni zigwira ntchito. Ingowasungani pouma, potalikira chiswe.

Jambulani nkhope imodzi kakhumi musanasankhe yabwino, kenaka muonetse mnzanu osamuuza kanthu. Akaizindikira yekha, mwalasa. Akafunsa kuti "Ameneyu ndani?", tengani khala lina muyambirenso.