Kodi 500 Akutiuza Chiyani?

Senderani pafupi, azakhali anu ndabwera ndi nkhani. Kodi munaonapo munthu akutsegula tsamba la pa intaneti pafoni, kenako pagalasi n'kungotuluka nambala, 404 kapena 500? Ena amayamba kuidinadina foni mwaukali. Ena amati bandulo yatha. Komatu nambalayo ndi uthenga. Alipo amene akukuyankhulani.

Ndani ameneyo? Dzina lake ndi seva. Seva ndi kompyuta yosunga masamba a pa intaneti. Sigona, usiku ndi usana ili maso. Imakhala m'nyumba yaikulu yozizira pamodzi ndi zinzake zambirimbiri, chifukwa makompyuta akamagwira ntchito amatentha. Mukadina pafoni, pempho lanu limathamanga kupita kwa seva. Nthawi zina limadutsa m'zingwe zogona pansi pa nyanja yamchere! Kawirikawiri yankho limabwera musanamalize kuwerenga mpaka 3. Tayesani tsiku lina, muwerenge.

Nanga seva yoyamba ya masamba amenewa inali kuti? Inali ku CERN, malo a akatswiri a sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva ku Switzerland. Munali mu 1990. Bambo wina, Tim Berners-Lee, anamata kapepala pakompyutayo, kochenjeza anthu kuti asaizimitse. Tangoganizani! Wina akanangoizimitsa, masamba onse akanasowa, chifukwa onse anali m'kabokosi kamodzi komweko. Ine nkhani imeneyi imandisangalatsa nthawi zonse.

Tsono munthu amalemba bwanji nkhani patsamba lake? Tsinzinani, muone nyumba yokhala ndi mpanda. Pachipata pali mlonda. Akukufunsani dzina ndi pasiwedi. Mukayankha bwino, akukupatsani chiphaso. Mkati muli mlembi, amene amakuthandizani kulemba nkhani, kufufuta ndi kuika zithunzi. Iyenso asanakupatseni cholembera akuti, "Chiphaso chili kuti?" Mlonda ndi mlembi amenewa ndi mapulogalamu awiri. Nthawi zina amapangidwa ndi anthu osiyana, osadziwana n'komwe. Mwini tsamba ndiye amawalumikiza kuti azimvana.

Bwanji akapanda kumvana? Apa ndiye pagona nkhani. Tinene kuti mlonda walemba chiphaso ndi inki yofiira, koma mlembi amadziwa chabuluu chokha. Akuchitembenuza uku ndi uku. Akukanda kumutu. Ntchito yaima! Seva ikusowa chochita, ndipo ikutumiza 500. Tanthauzo lake ndi lakuti, "Pepani, kwathu kuno kwasokonekera." Si inu mwalakwa ayi.

Nanga manambala enawo? 404 akuti, "Ndafufuza, koma tsamba mukufunalo palibe." Mwina mwalakwitsa chilembo chimodzi. 403 akuti, "Chipinda ichi simuloledwa kulowamo." Ndikuuzeni chinsinsi chake. Yang'anani nambala yoyamba. Ikakhala 4, kawirikawiri vuto lili pa zimene mwapempha. Ikakhala 5, vuto lili kwa seva. Tsopano ndiyankheni, 503 ndi vuto la yani? Eya, mwakhoza! Seva yatanganidwa kwambiri, kapena akuikonza. Dikirani pang'ono, muyesenso.

Wokonza amadziwa bwanji pamene pavuta? Amawerenga kaye. Seva ili ndi buku lake lolembamo zochitika, ngati kaundula wa aphunzitsi. Imalemba nthawi imene munthu wagogoda, ndi pamene zinthu zaima. Mabuku otere ndi akale. Mu 1947, pa yunivesite ya Harvard ku America, kompyuta yaikulu yotchedwa Mark II inavuta. Akatswiri atafufuza anapeza kagulugufe ka usiku katapanikizika m'kati mwake. Anakachotsa n'kukamata m'buku lawo lolembamo zochitika. Kachilombo kochepa chonchi kuvutitsa chimakina chodzaza chipinda!

Akamaliza kuwerenga amatani? Amasintha chinthu chimodzi chokha, n'kuyesa. Amayamba wapumitsa mlembi, n'kuona ngati mlonda akutsegula chipata bwinobwino. Kenako amabwezera mlembi uja. Vuto likabwerera, ndiye kuti wapeza pamene awiriwa akusemphana. Zimenezi ndimazikonda chifukwa inunso mungazichite. Pezani tochi yosayaka. Sinthani mabatire okha, muyatse. Yakana? Pukutani pamene batire limakhudza kachitsulo, muyatsenso. Mukasintha zonse nthawi imodzi tochi ikhoza kuyaka, koma simudziwa chimene chinavuta.

Kodi tingasewere zimenezi pabwalo? Kwambiri! Itanani anzanu atatu. Wina akhale mlonda, wina mlembi, wina mlendo. Inu mukhale wokonza. Mlonda azipereka tsamba la mango ngati chiphaso. Mlembi asankhe mumtima mwake tsamba limene akulifuna. Likakhala losiyana, afuule kuti, "500!" Pamenepo inu muzifunsa funso limodzi pa nthawi mpaka awiriwo amvane. Muwerenge kuti mwafunsa mafunso angati.

Ndipo tsiku lina amayi akadzadandaula kuti foni yavuta, mudzawapemphe mwaulemu kuti muone nawo pagalasi. Mudzawerenge nambalayo mokweza, muwauze chimene seva ikunena.