Akuumba zikombole zosaoneka ndi maso kuti mabala azipola

Mwana akapsa ndi phala lamoto, bala likakhala laling'ono limapola lokha. Koma likakhala lalikulu komanso lakuya, madotolo monga a pachipatala cha Gulupu ku Blantyre amasenda khungu pantchafu n'kukamata pabalapo.

Nanga moto ukadya malo ambiri, khungu lomatalo lichokera kuti?

Funsoli lidasowetsa tulo dotolo John Burke wa pachipatala cha Massachusetts General ndi katswiri Ioannis Yannas wa pasukulu ya MIT ku America. Mu 1981 awiriwa adalengeza kuti athandiza anthu opsa ndi khungu lochita kupanga. Adalipanga ndi collagen wa ng'ombe, yomwe ndi puloteni yolimbitsa khungu ndi mitsempha. Boma la America lidalivomereza mu 1996 ndipo limadziwika ndi dzina loti Integra.

Kunena zoona, si khungu ayi. Ndi chimango chabe, ngati nsichi ndi phaso za nyumba yomwe sadaiphome. Chili ndi tizibowo tambirimbiri momwe maselo a wodwalayo amalowamo n'kuyamba kumanga mnofu watsopano, chimangocho chikusungunuka pang'onopang'ono. Pamapeto madotolo amamatapobe khungu, koma lopyapyala.

Vuto n'loti maselo ali ngati aganyu: safuna pogwirira pokha, amafunanso wowauza chochita. Amene amawauza ndi mapuloteni ena omwe thupi limatulutsa pang'ono zedi, pamalo pake komanso panthawi yake.

Kuwapereka mapuloteniwa n'kovuta. Mu 2002 ku America adavomereza BMP-2, puloteni yomeretsa fupa, yomwe amanyowetsera kasiponji n'kukaika pamsana wa wodwala. Siponji sisunga chinthu, imadontha. Mu 2008 bungwe loona za mankhwala la FDA lidachenjeza kuti odwala ena omwe adawaika mankhwalawa m'mafupa a m'khosi amatupa mpaka kulephera kupuma ndi kumeza.

Apa ndiye pakulowera luso lomwe akatswiri amalitcha molecular imprinting.

Aliyense amene adaumbapo njerwa akudziwa kuti dothi limatenga maonekedwe a chikombole. Asayansiwa amachita motembenuza: amayamba ndi njerwa n'kuumbira chikombole pamwamba pake. Amatenga kanthu komwe akufuna kugwira, kaya ndi puloteni kapena mankhwala, n'kukasakaniza ndi madzi opangira pulasitiki. Madziwo amakakuta mbali zonse n'kuuma. Kenaka amatsuka kanthu kaja, ndipo pamatsala kaphanga ka msinkhu wake ndi maonekedwe ake enieni. M'kati mwa kaphangako mumatsalanso timalo tomata tomwe timagwirizana ndi kanthuko basi.

Ukaika pulasitiki yotere m'magazi momwe muli zinthu zikwizikwi, imasankha mwini kaphangako, ngati loko ndi kiyi wake.

Lusoli si la dzulo. Günter Wulff wa ku Germany adalionetsa mu 1972, ndipo Klaus Mosbach wa payunivesite ya Lund ku Sweden adalifewetsa m'zaka za m'ma 1980. Koma nkhani yomwe idadzidzimutsa ambiri idamveka mu 2010 kuchokera ku Irvine, m'boma la California. Gulu la Kenneth Shea ndi Yu Hoshino lidabaya mbewa zoyeserera ndi melittin, poizoni wa mu ululu wa njuchi, kenaka n'kuzibayanso tizidutswa ta pulasitiki toumbidwa pa poizoniyo. Tizidutswato tidagwira poizoniyo m'magazi n'kupita naye kuchiwindi, ndipo mbewa zambiri zidapulumuka kuposa zomwe sizidalandire.

Tsono maganizo ndi oti timaphanga totere tiikidwe m'chimango chija. Tingathe kusunga puloteni yochiritsa n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'malo moikhuthula tsiku limodzi. Tingathenso kukola mapuloteni omwe thupi likupanga kale n'kuwasonkhanitsa pabala, osagulanso a m'botolo omwe ndi okwera mtengo. Ofufuza a ku Pisa m'dziko la Italy akhala akuyesa njirayi pofuna kukonza mnofu wa mtima.

Ku Iran adapita nazo patali. Mu 2013 akatswiri kumeneko adadinda maonekedwe a maselo athunthu a chichereŵechereŵe pa silicone, n'kudzalapo maselo ena omwe adali asadasankhe ntchito yake. Maselo aja atakhazikika m'mapazi a anzawo, adayamba kukhala ngati a chichereŵechereŵe, popanda mankhwala owakakamiza.

Ubwino wina, womwe ife a kuno komwe magetsi amathimathima tingaumvetse msanga, ndi woti pulasitiki yotere imapirira kutentha ndipo sifuna firiji.

Koma musathamangire kuchipatala kukafunsa. Ntchitoyi ikadali m'malabotale ndi panyama. Puloteni ndi chinthu chachikulu, chofewa ndi chosinthasintha, choncho kuiumbira chikombole kuli ngati kuumbira phala, ndipo kuitsukamo yonse n'kovuta. Ena tsopano amangodinda kachidutswa kake kakang'ono, monga momwe chidindo cha chala chimodzi chimadziwitsira munthu yense. Komanso mapulasitiki ambiri omwe amadindika bwino sasungunuka m'thupi, ndipo mankhwala otsalira powapanga angathe kupha maselo omwewo.

Kuchedwaku kuli ndi chifukwa. Mu 2011 dotolo Paolo Macchiarini wa ku Karolinska ku Sweden adaika kholingo la pulasitiki, lopakidwa maselo, mwa bambo wina wa ku Eritrea yemwe amaphunzira ku Iceland. Kholingolo silidadindidwe m'njira yomwe tikukambayi, koma nalo lidali chimango, ndipo adalithamangitsira mwa anthu lisadayesedwe mokwanira panyama. Nyuzipepala zidamutama. Odwala atatu omwe adawachita opaleshoniyi kumeneko onse adamwalira, ndipo mu 2023 khoti la apilo ku Sweden lidamugamula kuti akakhale kundende zaka ziwiri ndi miyezi 6.