Za Mawu Oti "Thumba" M'mabuku a Sayansi ya Zamoyo

M'thupi la munthu ndi la nyama muli ziwalo zina zobulungira, zokhala ndi khungu lopyapyala, zomwe zimasunga madzi kapena mpweya. Pachingerezi ziwalo zotere zimatchedwa sac, mawu ochokera ku Chifalansa. Afalansa anawatenga ku Chilatini, saccus, ndipo Chilatini chinawabwereka ku Chigiriki, sakkos, kutanthauza chiguduli chokhakhala kapena chotengera chosokedwa ndi chigudulicho. Mawu a Chipwitikizi oti saco, omwe ana a ku Tete ndi ku Niassa amawapeza m'mabuku awo, ndi a muzu womwewo, chimodzimodzinso mawu obwereka oti saka omwe amamveka m'misika.

Komabe saka amakumbutsa chimanga ndi makala, osati chiwalo. Mawu enieni a Chinyanja ndi thumba, ndipo amamveka ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique komwe. Motero malo omwe mpweya umalowera m'magazi m'mapapo angatchedwe timatumba ta mpweya.

Kalembedwe kake kamafuna chisamaliro. Dzinali lili m'gulu la Li-Ma, momwe mayina ambiri amakhala ndi h akamanena chinthu chimodzi, nataya h-yo pochulukitsa: thumba, matumba, thupi, matupi, khasu, makasu, phiri, mapiri. Pochepetsa, h amatsala mu kathumba koma sapezeka mu timatumba. Kulemba tumba kapena mathumba n'kulakwa. Wolemba ayeneranso kusamala ndi lembo lotsiriza, pakuti matumba ndi matumbo n'zinthu zosiyana, ndipo m'buku la zaumoyo kuphonya kotere kungasocheretse wodwala.

Ziwalo zomwe zili kale ndi mayina, monga chikhodzodzo, ndulu ndi chiberekero, zisunge mayina awo. Azamba nawo amati nsupa yasweka ponena za thumba la madzi lomwe mwana amakuliramo, ndipo mawuwa ndi oyenera kuwasunga.

Mu 2001 bungwe la CASAS la ku Cape Town linasindikiza malamulo a kalembedwe kamodzi ka ziyankhulo za m'mayiko atatuwa. Mawu a sayansi nawo afunika mgwirizano wotere, kuti buku lolembedwa ku Zomba liwerengeke ku Chipata ndi ku Ulónguè popanda kulimasuliranso.