Kakhadi kotchipa kadameza ukwati wa eni ake

Anthuni, ine ndine wojambula zithunzi. Ntchitoyi ndidaiyamba kalekale, nthawi ya filimu ya zithunzi 36, pomwe tinkazungulira m'misika ndi kamera pakhosi n'kumajambula amayi ali pa benchi ya tomato, zithunzi n'kubwera nazo patatha sabata titakatsukitsa. Masiku amenewo zinthu zikalakwika tinkangoti "pepani mayi, filimu inapsa." Kasitomala ankadandaula pang'ono, kenaka n'kukonza duku kuti timujambulenso. Koma zimene zidandionekera mu Disembala 2023 zidalibe kujambulanso, chifukwa ukwati sabwereza.

Mukukumbuka kuti mu Novembala chaka chimenecho kwacha idagwa ndi 44 peresenti, katundu yense wochokera kunja n'kukwera usiku umodzi. Ine n'kuti nditalandira kale theka la ndalama kwa mayi ena ogulitsa usipa, amene mwana wawo wamkazi ankakwatiwa. Memori khadi yanga yakale idali itayamba kuvutavuta, ndiye ndidati ndigule ina. Nditalowa m'sitolo n'kumva mtengo wa khadi la 64GB, ndidagwira pakamwa n'kutuluka chamumtima.

Mumsika ndidapeza mnyamata wa benchi ya machaja ndi mahedifoni. "Madala, musavutike ndi za m'sitolo, kumeneko mumalipira lendi yawo. Nayi ya 128GB, orijino," adatero. Kadali kakhadi kakang'ono kaja ka microSD, kali ndi chovalira chake cholowetsera mu kamera. Mtengo wake sudafike ngakhale theka la khadi la m'sitolo lija, chonsecho ati kukula kwake kuwirikiza kawiri. Mnyamatayo adakaika mu foni yake n'kundionetsa kuti malo alipodi ambirimbiri. Ndidalipira osatenga risiti, mumtima ndikuti lero ndaphula dilu.

Loweruka ntchito idayenda bwino zedi. Kutchalitchi ndidajambula, kumaluwa ndidajambula, ku holo ndiye osanena. Chithunzi chilichonse chinkaoneka pa galasi la kamera ndikangodina, ine n'kumapitiriza. Pofika madzulo zithunzi zidali pafupifupi 1,900.

Lamulungu nditaika khadi mu kompyuta, maina a zithunzi zonse adalipo, ondondozana bwinobwino. Zoyambirira pafupifupi 700 zidatseguka. Kuyambira pamenepo, mayo ine! Zina zinkatuluka zotuwa ngati phulusa, zina kompyuta inkangokana kutsegula. Kudula keke kudapita. Perekaniperekani yense adapita. Agogo ake a mkwatibwi, gogo wa zaka zoposa 80 amene adachoka ku Nkhotakota pa minibasi kudzavinira mdzukulu wawo, padalibe ngakhale chithunzi chimodzi chowaonetsa akuvina.

Ndidathamangira kwa mnyamata wina wokonza makompyuta. Adayesa ndi pulogalamu yotchedwa PhotoRec, imene imabweza zithunzi zofufutika mwangozi, koma padalibe chotuluka. Kenaka adandiyang'ana mwachisoni. "Madala, chinthu chimabwezeka ngati chidalowamo. Zithunzi zanuzi sizidalowemo n'komwe. Khadi ili ndi la 8GB, angoliveka malaya a 128."

Apa mpamene ndikufuna mumvetsetse, abale anga, chifukwa chinyengo chake n'chochenjera kuposa cha sikelo yobera. M'kati mwa khadi muli tizipangizo tiwiri. Kena ndi nkhokwe yosungamo zithunzi, kena ndi kalaliki wake, amene amauza kamera kapena foni kuti nkhokweyo ndi yaikulu bwanji. Akathyali amatenga khadi laling'ono n'kumuphunzitsa bodza kalalikiyo, kuti akafunsidwa aziyankha kuti malo alipo a 128GB. Kamera siyeza yokha, imangokhulupirira. Nkhokwe ikadzaza, kalaliki amapitirizabe kulemba m'kaundula kuti katundu walowa, pomwe matumba akuwaponya pawindo. Makhadi ena amachita zoopsa kuposa apa: amabwerera poyambira n'kumalemba zatsopano pamwamba pa zakale, moti umataya zam'mawa ndi zamadzulo zomwe.

N'chifukwa chake kuika khadi mu foni pa benchi si kuliyesa ayi. Foni imangobwereza bodza limene yauzidwa. Kuikamo nyimbo ziwiri zitatu n'kumva zikulira nakonso sikuthandiza, poti malo oyambirirawo ndi enieni. Ngakhale chithunzi chimene kamera imakuonetsa ukangodina chimachokera m'mutu mwa kamera momwe, chisanakhazikike pa khadi. Ndikanakhala ndidabwerera m'mbuyo kukaona zithunzi zapakati pa phwando, bwenzi nditadziwa kukadali masana. Koma pa perekaniperekani ndani amapeza mpata wotero?

Kupita kwa mayi a usipa aja kudali kovuta kuposa kupita kupolisi. Adandimvetsera mpaka kumaliza, osandidula. Kenaka adati: "Bambo a zithunzi, ndalama mubweza, ndamva. Nanga amayi anga aja adzabweranso liti kudzavina?" Ndidasowa choyankha. Ndalama ndidabweza zonse, ndipo sabata yathunthu ndidayenda khomo ndi khomo kupempha zithunzi za m'mafoni a anthu amene adali ku holo, zina zamdima, zina zodula mitu. Inu mukudziwa mmene nkhani imayendera mumsika. Maukwati awiri amene ndidali nditalonjezedwa adapita kwa ena.

Chichitikireni zimenezi ndakhala ndikufufuza za timakhadi timeneti. Khadi la SD lidayambitsidwa mu 1999 ndi makampani atatu, SanDisk, Panasonic ndi Toshiba, ndipo mu 2000 padakhazikitsidwa bungwe la SD Association loyang'anira malamulo a kapangidwe kake. Malamulowo amati khadi lolembedwa SDHC limalekezera pa 32GB, ndipo lopitirira pamenepo mpaka 2TB limalembedwa SDXC. Ndiye mukaona khadi lolembedwa SDHC koma ati ndi la 64GB kapena 128GB, dziwani kuti wosindikiza chikutocho sadadziwe n'komwe chimene ankakopera. Eni makamera akale asamalenso, chifukwa kamera imene idapangidwira SDHC yokha siwerenga makhadi a SDXC, ngakhale akhale enieni.

Nkhokwe za m'kati mwa makhadi zimapangidwa ndi makampani owerengeka padziko lonse, monga Samsung, SK hynix, Kioxia, Micron ndi SanDisk, m'mafakitale odya ndalama zankhaninkhani. Palibe munthu wa pakona amene angazipeze pa mtengo wa mandasi. Kakhadi ka microSD ka 1TB koyamba kadatuluka mu 2019 ndipo mpaka lero si kotchipa. Wina akakuonetsani ka 1TB kapena 2TB pa mtengo wa mayunitsi, thawani.

Bodza la kukula si lokhalo. Lilipo lina la liwiro. Nambala 10 yozunguliridwa ndi chilembo C, kapena U1, imalonjeza kuti khadi lilemba zosachepera 10MB pa sekondi. U3 ndi V30 zimalonjeza 30MB pa sekondi, liwiro limene vidiyo ya 4K imafuna pa makamera ambiri. Kusindikiza zizindikiro zimenezi pa khadi laulesi sikuvuta, ndipo zotsatira zake n'zakuti vidiyo imadukira panjira mkwati ali pakati polumbira. Aliponso makhadi amene kukula kwake n'koona koma adapangidwa ndi nkhokwe zotsalira, zimene zidalephera mayeso kufakitale. Amenewa amagwira ntchito mwezi umodzi kapena iwiri, kenaka tsiku lina kamera n'kungoti khadi silikuwerengeka.

Musaganize kuti amapusitsidwa ndi ife a kuno tokha. Mu 2010 katswiri wa zamagetsi wa ku America, Andrew Huang, adalemba za makhadi okayikitsa amene adalowa mpaka mu fakitale yopanga zipangizo za kampani yake ku China. Adakagula makhadi osiyanasiyana m'misika ya ku Shenzhen n'kuwasungunula ndi mankhwala kuti aone za m'kati, ndipo adapeza kuti chikuto ndi zam'kati sizigwirizana nthawi zonse. Ngati katswiri adachita kusungunula khadi kuti adziwe zoona, inu ndi ine tingadziwe bwanji pongoyang'ana pepala lonyezimira?

Mwayi wake njira yoyesera ilipo, ndipo ndi yaulere. Pa kompyuta ya Windows pali kapulogalamu kotchedwa H2testw, kochokera ku Germany, ndipo pa Mac ndi Linux pali F3. Ntchito yake ndi kudzaza khadi lonse mpaka pakamwa, kenaka n'kuwerenganso zonse kuti kaone ngati zimene kadaikamo zilimodi. Pa khadi lalikulu zimatenga maola angapo, ndipo khadilo likhale lopanda kanthu poyesa. Langa lija titaliyesa, malo enieni sadakwane 8GB, kwinako kudali mphepo. Ngati pulogalamu mulibe, dzazani khadi ndi mavidiyo mpaka likane, mulitulutse, mulibwezeremo, ndipo mutsegule oyamba, apakati ndi omaliza. Musadabwe khadi la 64GB likaonetsa 59 ndi kanthu pa kompyuta. Kumeneko n'kusiyana kwa kawerengedwe chabe, si kuba. Ndipo wina asakunamizeni kuti kufomata kuchiza khadi labodza. Mungalifomate kakhumi, kalaliki uja adzanamabe.

Tsopano ndilankhule ndi inu anzanga a pa benchi, amene mumagulitsa timakhadi timeneti. Nditabwerera kwa mnyamata uja ndidapita ndi mkwiyo, koma ndidabwerako ndi chisoni. Naye adangoti kakasi. Adapikula paketi yathunthu kwa munthu wina, ndalama yake yonse ya geni ili momwemo, ndipo sadayesepo ngakhale limodzi. Amene adaphunzitsa khadi kunama ali kutsidya la nyanja, sadzamva kulira kwa munthu. Kasitomala amadziwa benchi yanu ndi nkhope yanu basi. Kaya mumakaoda ku Dar es Salaam, ku Johannesburg kapena mumaitanitsa ku China, tengani makhadi awiri atatu pa oda iliyonse mukawayese musanayale. Wokugulitsani akakana kuti muyese, wakuuzani kale zoona zake. Khadi la 16GB loona, logulitsidwa ngati la 16GB, lidzakubweretserani kasitomala yemweyo chaka chamawa. Dziwaninso kuti kugulitsa katundu wonamizira n'kulakwira malamulo oteteza ogula, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere. Mawu oti "nanenso ndidangogula" sabweza zithunzi za munthu.

Kwa ogula, makamaka anzanga a makamera, ine masiku ano ndimachita izi. Ndimagula kumene amapereka risiti ndi kulola kubweza. Khadi latsopano silipita ku ntchito lisanagone usiku pa kompyuta likuyesedwa, ndipo likapambana ndimalifomata mu kamera momwemo. M'malo mwa khadi limodzi lalikulu ndimanyamula atatu a 32GB, lina kutchalitchi, lina kumaluwa, lina ku holo, kuti likafa limodzi ukwati wonse usafere limodzi. Amene kamera yawo ili ndi malo a makhadi awiri aitchere kuti izilemba konsekonse. Ndikafika kunyumba sindigona ndisanakopere zithunzi malo awiri. Ndipo khadi loona likayamba kuvuta, lichotseni msanga, musajambulirenso, poti pamenepo mwayi wobweza zithunzi umakhalapo.

Mayi a usipa aja timapatsana moni mpaka lero, ndipo usipa ndimagula kwa iwo omwewo. Chaka chatha mwana wawo wachiwiri adachita chinkhoswe. Adaitana wojambula wina, ine ndidangomva kwa anthu. Kakhadi kaja ndidakamata ndi selotepi m'kati mwa chikwama cha kamera, pomwe ndimakaona tsiku lililonse ndikamatulutsa zida. Chaona mnzako chapita, abale anga, mawa chili pa iwe.