ALONDA A MAKOMPYUTA AYAMBA KUGULANA

Munthu ali yense amene ali ndi nkhokwe adziwa kuti cimanga cifuna kucilonda. Makompyuta nawonso atero. Masiku ano mabanki, zipatala ndi maofesi a Boma asunga maina a anthu ndi ciwerengero ca ndarama zao m'makompyuta olumikizidwa pa intaneti, ndipo mbala ingathe kulowamo iri kutali, osathyola citseko. Cifukwa cace alipo makampani amene nchito yao ndiyo kulonda makompyutawo. Mwezi uno tifuna kukufotokozerani cifukwa cimene makampani amenewa ayambira kugulana.

Katundu wasamuka

Kale kampani iri yonse inali kusunga makompyuta ace m'nyumba yace, ndipo mlonda anali kungoyang'anira pacipata. Tsopano ambiri abwereka malo m'makompyuta a Amazon, Microsoft ndi Google, nalipira monga alipira munthu wokhala m'nyumba ya mwini. Njira imeneyi aicha cloud, ndiye kuti mtambo, koma musayese kuti zinthuzo ziri kumwamba ai. Ziri m'nyumba zazikuru zodzala makina. Katundu akasamuka, mpanda wakale ulibenso nchito. Pafunika alonda odziwa malo atsopanowo, ndipo makampani akuru aona kuti kugula kampani yodziwa kale nkwapafupi koposa kuyamba kuphunzira.

Taonani mitengo yace. Biliyoni imodzi ndiyo mamiliyoni 1,000. M'caka ca 2022 Google inagula kampani ya Mandiant ndi madola a ku America mabiliyoni 5.4. Mu 2024 Cisco inagula Splunk ndi mabiliyoni 28. Mu 2025 Google inapangananso kugula Wiz ndi mabiliyoni 32, cinkana Wiz inali kampani yaing'ono msinkhu, yoyambidwa mu 2020. Inakwera mtengo cotere cifukwa nchito yace ndiyo kulonda za mumtambo.

Ubwino ndi kuopsa kwace

Ubwino ulipo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo alonda akakhala pansi pa kapitao mmodzi auzana msanga za mbala imene yaoneka. Wogula nayenso apumula, pakuti alankhula ndi kampani imodzi m'malo mwa khumi.

Koma kuopsa kuliponso pawiri. Coyamba, inu nonse mudziwa za mudzi umene uli ndi sitolo imodzi yokha: mwini sitolo aika mtengo umene afuna, popeza palibe kwina kopita. Mpikisano ukacepa, mitengo ikwera ndipo nchito icita ulesi. Ndico cifukwa cace maboma a ku America ndi ku Ulaya ayamba apenda malonda akuru otere asanawalole.

Caciwiri, anthu ambiri akadalira mlonda mmodzi, iye akaphonya onse agwa pamodzi. Izi zinaoneka pa 19 Julayi, 2024, pamene kampani yolonda ya CrowdStrike inatumiza malangizo atsopano ku makompyuta amene inali kuwasunga, koma m'malangizomo munali colakwa. Microsoft inawerenga kuti makompyuta mamiliyoni 8.5 analeka kugwira nchito. Maulendo a ndege anaimitsidwa, ndipo mabanki ndi zipatala m'maiko ambiri anasauka tsiku limenelo. Panalibe mbala, mlonda yemwe ndiye anapunthwa.

Nanga ife?

Kapena wina afunsa, "Kodi za kutalizi zitikhudza bwanji ife a kumudzi?" Ngati musunga ndarama ku banki kapena pa lamya ya m'manja, ndarama zanu ziri m'makompyuta, ndipo mtengo wa kuzilonda utuluka m'zimene mulipira. Koma pali citseko cimodzi cimene alonda onsewa sangathe kukutsekerani, ndico nambala yanu yacinsinsi. Musauze munthu ali yense nambalayo, ngakhale woimba lamya wonena kuti ali ku banki. Aphunzitsi, conde fotokozerani ana a sukulu ndi makolo ao mau amenewa.